Mbusa John Chilembwe wa ku Mbombwe: Kupirira Masautso ndi Kulirira Chilungamo

Mawu oyamba

Aliyense amene adagwirapo ndalama ya K500 kapena ya K2000 adaionapo nkhope ya Mbusa John Chilembwe. Ana asukulu amamudziwa ngati munthu amene adatsogolera kuukira boma la atsamunda mu 1915, ndipo chaka chilichonse pa 15 Januwale dziko lonse limapuma pomukumbukira. Komabe pali chinthu chimodzi chimene timachiiwala kawirikawiri. Chilembwe sadali msilikali ngakhale wandale. Adali mbusa wa mpingo wa Baptist, ndipo ntchito yake ya sabata ndi sabata idali yotsegula Baibulo pamaso pa anthu osauka ndi kuwauza tanthauzo la mavuto awo.

Nkhani ino ikulondola moyo wa mbusayu ndi funso limene okhulupirira akhala akulifunsa kuyambira kalekale: kodi munthu wozunzika apirire mpaka liti, nanga chilungamo cha Mulungu achidikire motani? M'Malemba muli mawu awiri pa nkhaniyi. Ena amati masautso amaumba munthu, tsono apirire. Ena amati Mulungu amamva kulira kwa oponderezedwa ndipo amadana ndi nkhanza. Moyo wa Chilembwe udayenda pakati pa mawu awiriwa, ndipo ukutiphunzitsa kuti kutenga amodzi n'kutaya enawo n'koopsa.

Ubwana wake ndi kukumana ndi Joseph Booth

John Chilembwe adabadwa cha m'ma 1871 ku Sangano m'boma la Chiradzulu. Bambo ake adali Myao, pamene mayi ake adali Mmang'anja amene adagwidwa pa nkhondo. Iyi idali nyengo ya malonda a akapolo, pomwe midzi inkaotchedwa ndipo anthu ankagona m'mapiri poopa kugwidwa. Motero mnyamatayu sadachite kuwerenga m'buku kuti adziwe tanthauzo la ukapolo. Mbiri yake idali m'nyumba momwe adabadwiramo.

Mu 1892, patangopita chaka chimodzi Angerezi atalengeza kuti dziko lino lili pansi pa chitetezo chawo, kudafika mmishonale wina wa Chingerezi dzina lake Joseph Booth. Iyeyu adakhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi pafupi ndi Blantyre. Chilembwe adalembedwa ntchito yapakhomo kwa Booth, ndipo ankasamala Emily, mwana wamkazi wa bwana wakeyo. Mu Julayi 1893 Booth adamubatiza.

Booth adali wosiyana ndi amishonale ena. Ankalipira antchito ake ndalama zochuluka kuposa zimene azungu anzake ankapereka, chinthu chimene chidamudanitsa nawo. Ankanenanso poyera kuti nthaka ya Africa ndi ya Aafirika, ndipo maganizo amenewa adawalemba m'buku lake la mu 1897 lotchedwa Africa for the African. Koma tisaiwale kuti Booth yemweyo ankadana ndi nkhondo ya mtundu uliwonse. Kwa iye, Mkhristu ayenera kudzudzula choipa ndi pakamwa, osati ndi mfuti. Choncho Chikhristu chimene Chilembwe adayamba kuyamwa chidali cha mbali ziwiri: kulankhula mosaopa ndi kukana kukhetsa mwazi.

Maphunziro a ku America

Mu 1897 Booth adamutenga Chilembwe ulendo wa ku America. Kumeneko mpingo wa anthu akuda wa National Baptist Convention udamulandira n'kumulipirira maphunziro pa Virginia Theological Seminary and College mumzinda wa Lynchburg. Apa n'kuti patangopita zaka zopitirira pang'ono makumi atatu chitheretu ukapolo m'dzikomo mu 1865. Anthu akuda adali omasuka pa pepala, koma malamulo a tsankho ankawasala m'masukulu ndi m'sitima, ndipo ambiri ankaphedwa ndi magulu a azungu popanda kuzengedwa mlandu.

Mipingo ya anthu akudawa idali ndi njira yakeyake yowerengera Baibulo. Makolo awo ali akapolo adauzidwa kuti Malemba amalamula kapolo kumvera mbuye wake, koma iwo adadzipezera okha buku la Eksodo, momwe Mulungu akuona masautso a Aisraele ku Igupto n'kutuma Mose kwa Farao. Pa nthawi yomweyo kudalinso chiphunzitso cha Booker T. Washington wa ku Tuskegee, choti munthu wakuda adzikweze yekha kudzera m'sukulu, luso la manja ndi khama. Chilembwe adabwerera kwawo mu 1900 atadzozedwa ubusa, atanyamula zonse ziwiri mumtima.

Zaka zomanga ku Mbombwe

Atafika kuno adagula malo okwana maekala 93 ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu n'kukhazikitsapo mishoni ya Providence Industrial Mission, imene lero timangoitchula kuti PIM. Dzinali palokha ndi ulaliki. Liwu loyamba likunena za chisamaliro cha Mulungu amene amapatsa, pamene lachiwiri likunena za ntchito ya manja. Mbusayu ankakhulupirira kuti Mulungu amasamala anthu ake, koma chisamalirocho chimapeza munthu ali ndi khasu m'manja.

Amishonale awiri akuda ochokera ku America adabwera kudzamuthandiza. Awa adali Mbusa Landon Cheek amene adafika mu 1901 ndi mayi Emma DeLany amene adafika mu 1902. Pofika mu 1906 onse awiri adali atabwerera kwawo. Pa mishonipo ankalima thonje ndi mbewu zina, ankaumba njerwa, ndipo amayi ankaphunzira kusoka mothandizidwa ndi Ida, mkazi wa mbusayo. Pofika mu 1912 PIM idali ndi sukulu zisanu ndi ziwiri zokhala ndi ana pafupifupi 1,000. Mu 1913 adatsiriza kumanga tchalitchi chachikulu cha njerwa, umboni wooneka ndi maso woti anthu akuda angathe kumanga chinthu chofanana ndi cha azungu a ku Blantyre.

Chilembwe ankalimbikitsa ukhondo, kuvala bwino, kupewa mowa ndi kusunga ndalama. Zithunzi zake zimamuonetsa atavala suti, akazi ake atavala diresi lalitali. Ena lero amaona ngati uku kudali kutengera azungu, koma pa nthawiyo kudali kulimba mtima, chifukwa azungu ambiri sankafuna kuona munthu wakuda atavala nsapato, ndipo ankayembekezera kuti avule chipewa akakumana nawo panjira.

Zaka khumi zoyambirirazi tingazitche zaka za kupirira. Chiphunzitso chimene chikuoneka m'ntchito zake chikufanana ndi cha Paulo m'chaputala 5 cha Aroma, pomwe akufotokoza kuti mavuto amabala chipiriro ndipo pamapeto pake pamatuluka chiyembekezo. Akuluakulu athu nawonso adati kuona maso a nkhono n'kudekha. Mbusa wa ku Mbombwe adadekha, ndipo boma silidamuone ngati munthu woopsa. Tikumbukirenso kuti Baibulo lathunthu m'Chinyanja, Buku Lopatulika, lidatuluka mu 1922 iye atamwalira kale. Izi zikutanthauza kuti m'masiku ake mlaliki wodziwa Chingerezi adali ndi udindo waukulu, popeza zambiri za m'Malemba anthu ankazimvera pakamwa pake.

Munda wa Naboti ku Magomero

Kumpoto kwa Mbombwe kudali esiteti yaikulu ya A. L. Bruce Estates, ya maekala oposa 150,000, imene likulu lake lidali ku Magomero. Eni ake adali a banja la Bruce, limene lidakwatira mwana wamkazi wa David Livingstone. Ku Magomero komweko ndi kumene Bishopu Charles Mackenzie adakhazikitsa mishoni yoyamba m'dziko muno mu 1861, pamodzi ndi akapolo amene adamasulidwa panjira. Patapita zaka makumi asanu, malo omwewo adasanduka nyumba ya ukapolo wa mtundu wina.

Ukapolowo udali thangata. Liwuli poyamba lidali lokoma, lotanthauza kuthandizana pa ntchito ya kumunda. Pa esiteti lidasanduka ntchito yokakamiza imene munthu ankagwira m'malo mwa lendi ya malo amene ankakhalapo. Pamwamba pa lendiyo padalinso msonkho wa nyumba wopita ku boma. Ambiri mwa anthu okhala pa esitetiyi adali Alomwe amene adathawa nkhanza za Apwitikizi ku Mozambique, ndipo popeza adalibe malo ena okakhala, sakadatha kukana chilichonse. Woyang'anira esiteti, William Jervis Livingstone, amene anthu ankamutcha Listonia, adatchuka ndi kumenya antchito, kutalikitsa masiku a thangata ndi kulipira anthu fodya m'malo mwa ndalama. Eni esiteti sankafuna sukulu kapena tchalitchi pa malo awo, ndipo nyumba zopemphereramo zaudzu zimene akhristu a PIM ankamanga zinkaotchedwa.

Anthu amenewa ndiwo ankadzaza tchalitchi cha ku Mbombwe Lamulungu. Tsono tidzifunse: kodi mbusa angauze chiyani mayi amene mwamuna wake wakwapulidwa dzulo, munda wake womwe wamera tchire chifukwa nyengo yonse yolima adali ku thonje la bwana? Kumuuza kuti mavuto ake ndi maphunziro ochokera kwa Mulungu kukadakhala kumunamizira Mulunguyo, chifukwa mwini chikoti ankadziwika dzina. Apa ndi pamene mawu ena aja a m'Malemba amayamba kumveka. Mu 1 Mafumu 21, Mfumu Ahabu adalanda munda wa Naboti, ndipo Mulungu adatuma Eliya kukamudzudzula pamaso. Mneneri Amosi adakalipira olemera amene ankapondereza aumphawi. Kalata ya Yakobo, chaputala 5, ikuchenjeza eni minda amene amabisa malipiro a antchito awo kuti kulira kwa antchitowo kumafika kumwamba. Baibulo limasiyanitsa mavuto ogwa okha, monga matenda ndi chilala, ndi mavuto ochita kupangidwa ndi munthu mnzako. Oyambawo amafuna chipiriro. Achiwiriwo amafuna kuti wina awatchule dzina lawo lenileni, lomwe ndi tchimo.

Mayesero a pakhomo

Pamene a pa esiteti ankalira, zinthu sizidali bwinonso m'nyumba ya mbusa. M'zaka za 1912 ndi 1913 kudagwa njala, imene idachulukitsa anthu othawa kuchokera ku Mozambique. Thandizo la ndalama lochokera ku America lidachepa, ndipo ngongole zidamupanikiza. Iye mwini ankadwala mphumu, maso ake adayamba kuchita chidima, ndipo mwana wake wamkazi adamwalira.

Wowerenga Baibulo sangalephere kukumbukira Yobu, munthu wolungama amene adataya chuma, ana ndi thanzi motsatizana. Chimene timachidumpha kawirikawiri m'buku la Yobu n'chakuti iye sadakhale chete. Adadandaula, adafunsa, adatsutsa anzake amene ankati mavuto ake ndi malipiro a machimo. Pamapeto pake Mulungu adadzudzula anzakewo, osati Yobu. Phunziro lake n'lakuti kupirira kwa m'Malemba sikutseka pakamwa. Munthu angathe kukhulupirira Mulungu kwinaku akufunsa chifukwa chimene oipa zikuwayendera, monga adafunsira mneneri Habakuku.

M'zaka zomwezi m'dziko muno mudali mphekesera za kutha kwa dziko. Elliot Kamwana adalalikira ku Nkhata Bay mu 1908 ndi 1909 kuti ufumu watsopano udzafika mu 1914, ndipo boma lidamuthamangitsa. Akatswiri a mbiri monga Ian ndi Jane Linden adalemba kuti maganizo oterewa adafikanso kwa otsatira ena a Chilembwe, pamene ena amati mbusayo adakhalabe pa chiphunzitso cha Baptist. Chodziwika n'chakuti anthu ambiri ovutika ankayembekezera kuti Mulungu achitapo kanthu msanga.

Kalata ya mu 1914

Nkhondo yoyamba ya dziko lonse itabuka, magazi adakhetsedwa m'dziko muno momwe. Pa 9 Sepitembala 1914 asilikali a Angerezi ndi a Majeremani adamenyana ku Karonga, ndipo ambiri mwa akufa mbali zonse ziwiri adali anthu akuda. Aka sikadali koyamba, pakuti asilikali a kuno adatumizidwapo kale kukamenya nkhondo za Angerezi ku Ashanti ndi ku Somaliland.

Mu Novembala chaka chomwecho Chilembwe adalembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times. M'kalatamo adafunsa chimene Aafirika adzapindule pofera nkhondo imene sadaiyambitse. Adaonetsa kuti pa mtendere munthu wakuda sawerengedwa kanthu, koma pa nkhondo amafunika kutsogolo, ndipo akafa amasiya akazi amasiye ndi ana amasiye amene boma lidzawalipiritsabe msonkho. Adati nkhondoyo ikadamenyedwa ndi olemera ndi eni minda amene adali ndi chopindula. Adasonyezanso chiyembekezo choti tsiku lina boma lidzazindikira kufunika kwa anthu akuda ndipo chilungamo chidzapambana.

Kalatayi ndiyo nsonga ya utumiki wake. Ndi mawu a mneneri, onenedwa poyera, opanda mpeni m'manja. Boma silidayankhe. M'malo mwake lidaletsa kuti kalatayo ifalitsidwe, ndipo lidayamba kukonza zomuchotsa m'dziko. Khomo lolankhulira litatsekedwa, mbusayo adatembenukira ku khomo lina.

Usiku wa pa 23 Januwale 1915

Loweruka usiku pa 23 Januwale 1915, magulu a anthu adanyamuka ku Mbombwe. Gulu lina lidapita ku Magomero kumene lidapha William Jervis Livingstone n'kumudula mutu, lidaphanso Duncan MacCormick. Ku Mwanje, gawo lina la esiteti yomweyo, adapha Robert Ferguson. Akazi ndi ana a azungu sadaphedwe, chifukwa lamulo lidali loti asawapweteke, ndipo pambuyo pake adawamasula. Gulu lina lidapita ku sitolo ya Mandala ku Blantyre kukalanda mfuti, koma lidangopeza zochepa. Ku Ntcheu, kumene Filipo Chinyama adayenera kutsogolera, zinthu sizidayende. Lamulungu m'mawa Chilembwe adachititsa mapemphero ku Mbombwe, mutu wa Livingstone utaikidwa pamtengo poonekera. Pa 26 Januwale mishoni ya Akatolika ya ku Nguludi idaotchedwa ndipo wansembe wina adavulazidwa.

Mafumu ndi anthu ambiri sadalowe nawo m'kuukiraku, ndipo m'masiku ochepa asilikali adalanda Mbombwe. Tchalitchi cha njerwa chija adachiphulitsa. Pa 3 Febuluwale 1915 apolisi adamuwombera Chilembwe m'boma la Mulanje pafupi ndi malire a Mozambique, ndipo adamuika m'manda mobisa. Anthu oposa makumi atatu adanyongedwa kapena kuwomberedwa atazengedwa milandu mwachangu, ena pafupifupi 300 adaikidwa m'ndende, ndipo ambiri adaphedwa akuthawa. Mwa ophedwawo mudali John Gray Kufa, wothandiza dokotala amene adaphunzira ku mishoni ya Blantyre, ndi Duncan Njilima, munthu wamalonda.

Kodi tiweruze bwanji?

George Mwase, amene adalemba mbiriyi kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1930, adafotokoza kuti Chilembwe ankadziwa kuti sapambana. Cholinga chake chidali choti imfa yawo igwedeze boma, monga momwe John Brown adachitira ku America mu 1859 polimbana ndi ukapolo. Ngati zidalidi choncho, ndiye kuti mbusayu adaona imfa yake ngati nsembe. Apa Mkhristu woganiza bwino ayenera kuima kaye. Nsembe ya Yesu idali yopereka moyo wake popanda kuchotsa wa wina, ndipo m'munda wa Getsemane adauza Petro kuti abweze lupanga. Paulo mu Aroma 12 akuphunzitsa kuti kubwezera ndi kwa Mulungu. Mutu wa munthu pa malo opemphererapo sitingaukometse, ngakhale mwini mutuwo adali wankhanza. Ku Magomero usiku uja kudatsalanso mkazi wamasiye ndi ana amasiye.

Komanso n'kosavuta kuweruza uli pamthunzi. Amene adadzudzula Chilembwe mu 1915 ankakonda kutchula Aroma 13, chaputala chonena za kumvera olamulira, koma sankafika pa kalata ya Yakobo. Komiti yofufuza imene boma lidakhazikitsa idatulutsa lipoti lake mu 1916, ndipo ngakhale idaloza chala mipingo ya anthu akuda, idavomereza kuti anthu a pa esiteti ya Bruce ankachitiridwa nkhanza. Ndiye kuti zimene mbusa uja ankanena zidali zoona, ndipo akadamveredwa mwina magazi sakadakhetsedwa.

Nkhani ya m'Baibulo imene ikufanana kwambiri ndi iyi ndi ya Mose m'chaputala 2 cha Eksodo. Mose adaona Mwigupto akumenya Mhebri, mtima udamupweteka, ndipo adamupha. Malemba sakuyamikira kuphako, komanso sakunena kuti mkwiyo wake udali wopanda chifukwa. Chipulumutso sichidabwere tsiku limenelo. Chidabwera patapita zaka zambiri, mwa njira ina. Kwathu kunonso ufulu udabwera mu 1964, patapita zaka 49, ndipo thangata lidathetsedwa ufuluwo utayandikira.

Zimene zidatsala

Mishoni ya PIM idakhala yotsekedwa mpaka mu 1926, pamene Dr Daniel Sharpe Malekebu adaitsegulanso. Iyeyu adali mmodzi mwa ana oyamba a sukulu ya ku Mbombwe, ndipo adatsatira mphunzitsi wake Emma DeLany ku America kumene adaphunzira udokotala. Adamanga tchalitchi china, ndipo ntchito ya mapemphero, sukulu ndi chipatala idayambiranso. Apa pali chinthu choyenera kuchilingalira. Kuukira kudatha m'masiku osakwana khumi ndi awiri, koma mwana amene adaphunzira kuwerenga m'zaka za kupirira ndiye adadzautsa mishoni. Mbewu imene idapulumuka moto idali ya m'kalasi.

Komabe popanda kulimba mtima kwa mu 1914 ndi 1915, dzina la Mbombwe silikadakhala m'mitima ya omenyera ufulu a m'badwo wotsatira. Buku la George Shepperson ndi Thomas Price, Independent African, lidatuluka mu 1958, nthawi imene Amalawi ankalimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland, ndipo lidathandiza kuti mbiri ya mbusayu idziwike kutali.

Mawu omaliza

Moyo wa John Chilembwe ukutionetsa kuti masautso paokha sakulitsa munthu mu uzimu. Angathe kumuumba, angathenso kumuswa. Mbusa amene amangolalikira kupirira kwa anthu oberedwa malipiro amasanduka kapitawo wa Farao osadziwa. Nayenso amene amangolalikira chilungamo, n'kuiwala kuti woweruza ndi Mulungu, angathe kutsiriza ndi magazi m'manja. Chilembwe adaphunzitsa anthu ake kugwira ntchito ndi kudzilemekeza, adalankhula pamene ena adakhala chete, ndipo pamapeto pake adasankha njira imene idatengetsa miyoyo ya ambiri, wake womwe.

Funso limene adalimbana nalo silidathe. Alimi a fodya ogwira ntchito m'minda ya eni, ogwira ntchito zapakhomo olandira malipiro osakwanira, ndi amayi amasiye olandidwa katundu amakhalabe m'mabenchi a matchalitchi athu. Pa 15 Januwale, pamene tikuyala nkhata ku Mbombwe, ndi bwino tidzifunse chimene anthu amenewa amamva kuchokera paguwa, ndiponso ngati olamulira a lero amayankha kalata zimene osauka amawalembera.